Ndinaimika eni koleji pa sitepe ya opasula

Mpaka lero munthu akatchula okosijeni pagulu, ine ndimayamba ndayang'ana kaye amene ali pafupi. Mpweya umenewu, womwe tonse timapuma mwaulere, unandigwetsa chagada m'maluwa a eni ake ku Woodlands, nditavala suti ya ukwati wanga, pamaso pa anthu amene ndinkafuna kuti andilembe ntchito. Ndipo pa zonse zimene ndinachita m'mawa umenewo, kugwako ndiye kunali kwaulemu.

Ndine mphunzitsi wa kemisitiri. Makolo anga anachokera ku Katete, ine ndinakulira ku Kabwata, ndipo pano ndimakhala ku Chelstone ndi mkazi wanga amake Tiza, amene ali ndi kasaluni pafupi ndi msika. Kwa zaka zambiri ndinkaphunzitsa pa sekondale ina ya boma, kubwereza za asidi ndi mchere chaka ndi chaka mpaka ndikanatha kuziphunzitsa ndili m'tulo (ana ena amati masana ena ndinkaterodi). Mumtima ndinkasowa kemisitiri yeniyeni imene ndinaisiya ku yunivesite, ija yoti ukaimvetsa umayenda mumsewu ukumwetulira wekha.

Tsono nditamva kuti koleji ina yaing'ono ku Woodlands, yokonzekeretsa achinyamata ofuna kukaphunzira udokotala, ikufuna mphunzitsi, ndinapempha ntchitoyo msangamsanga. Anandiyankha kuti ndikaphunzitse kalasi yawo iwo akuonerera. Mutu anasankha okha: malo amene maelekitironi amakhala m'maatomu ndi m'mamolekyulu, ndi kusiyana mphamvu kwa malowo. Ndinavina pabalaza.

Inu amene munathawa kemisitiri muli ku sekondale, musathawenso, nkhaniyi ndi yosavuta. Maelekitironi ndi tinthu ting'onoting'ono ta mu atomu, ndipo amakhala m'malo otchedwa maobitalo, amene ine ndimangowatcha zipinda. Zipindazi zili ngati zomangidwa pamasitepe, zina pansi, zina pamwamba, ndipo kukwera kumafuna mphamvu. Elekitironi ndi yaulesi, imayamba yadzaza zapansi. M'chipinda chimodzi mumalowa awiri basi. Pa sitepe imodzi pakakhala zipinda ziwiri zopanda munthu, aliyense amatenga chake, monga timachitira tikapeza minibasi yopanda anthu pa siteshoni. Ndiye maatomu awiri akakumana n'kupanga molekyulu, zipinda zawo zimasakanikirana n'kubala zatsopano. Zina zimatsika, ndipo okhala m'menemo amamanga maatomuwo pamodzi. Zina zimakwera, ndipo okhala m'menemo amamasula zimene anzawo amanga. Zatha. Mwadziwa kale zokwanira kuti mumvetse tsoka langa.

Mphunzitsi wanzeru akanajambula zimenezi pa bolodi. Ine ndinali nditaona pa chithunzi kuti kolejiyo ndi nyumba yaikulu yakale, yokhala ndi masitepe otakata okwera kukhonde, ndipo nzeru inanditera ngati nkhunda: ndidzajambula zipinda pamasitepepo ndi choko, ophunzira adzakhala maelekitironi. Nditawafotokozera amake Tiza, anaimitsa simbi pa thalauza la suti n'kundifunsa ngati sindingangolemba pa bolodi monga anzanga. Ndinayankha kuti anzangawo n'chifukwa chake akadali pa asidi ndi mchere. Anangopitiriza kusita, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti kusita kotero ndi yankho.

Tsikulo ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kusinthira ina ya ku Woodlands, choko cha mitundu itatu chili m'thumba. Oonerera anali atatu. Woyamba anali ba Chanda, dairekita wa koleji, bambo wamtali, wamimba ya munthu wodya bwino, wa mawu ofewa. Wachiwiri anali Mai Tembo, mkulu wa zamaphunziro, mayi wamfupi wa magalasi apamphuno, amene anandipatsa moni ngati akundiyeza kulemera. Wachitatu anali ba Mwila, mtsikana wooneka bwino amene ankagwira ntchito ya ulembi. Anakhala motalikirana, aliyense ngodya yake, ine n'kumati ndi mmene anthu apamwamba amakhalira.

Ophunzira anali khumi, achinyamata akuluakulu omaliza kale sekondale. Nditawauza kuti tituluke panja, anadzuka mosangalala, oonerera aja akutsatira pambuyo. Ndinagwada (ndi suti yomweyo) n'kujambula zipinda pamasitepe, za omanga ndi choko choyera, za omasula ndi chofiira. Kenako ndinayamba kuwalowetsa mmodzimmodzi, kuyambira pansi. Okhala chipinda chimodzi ndinawauza kuti wina aloze chala chachikulu kumwamba, wina pansi, chifukwa maelekitironi a chipinda chimodzi sayang'ana kumodzi.

Abale, zinkayenda. Anthu khumi aja anakwanira ndendende kukhala nayitirojeni: omanga asanu ndi atatu, omasula awiri. Tinachotsera, tinagawa pawiri, tinapeza kuti maatomu a nayitirojeni ndi omangidwa ndi zingwe zitatu, n'chifukwa chake mpweyawu suvutana ndi munthu. Ophunzira ankaseka, ankayankha, wina mpaka anati tsopano wamva zimene zinamukanika chaka chonse. Ndinaona ba Chanda akugwedeza mutu. Mai Tembo analemba kanthu. Ndikanalekera pomwepo, ndikanabwerera ku Chelstone ngati ngwazi.

Koma munthu zikamuyendera amaiwala mabuleki. Chingerezi ndinachiika pambali, n'kuyamba kuwaza Chinyanja cha ku Kabwata kuti ana amve kukoma. Okhala m'zipinda zoyera ndinawatcha omanga, a m'zofiira ndinawatcha opasula, ndipo anaseka kwambiri. Ndinalengeza kuti tsopano tipanga okosijeni, mfumu ya phunziroli. Ndinawaonetsa msampha umene umagwetsa ambiri pa mayeso, wakuti mu okosijeni masitepe awiri apakati amasinthana, imene inali pamwamba mu nayitirojeni imatsika pansi. Ana anasinthana malo akukankhana. Kenako ndinawerenga n'kupeza kuti okosijeni imafuna maelekitironi khumi ndi awiri. Ndinali nditapereweredwa awiri.

Ndinatembenukira kwa oonerera aja, ndi kumwetulira konse kumene Mulungu anandipatsa, n'kupempha ba Chanda ndi Mai Tembo kuti atithandize.

Apa ndiime pang'ono, ndikuuzeni zimene aliyense pabwalo paja ankadziwa kupatula ine. Ba Chanda ndi Mai Tembo anali mwamuna ndi mkazi wake, ukwati wa kutchalitchi, ndipo kolejiyo anaiyambitsa limodzi. Mayiyo anangosunga dzina la kwawo pa ntchito. Chaka chimenecho banja lawo linali pamoto. Bamboyo anali atasamutsidwira kuchipinda cha alendo kunyumba kwawo ku Kabulonga, ankhoswe anali atatopa, ndipo dzina limene anthu ankanong'onezana kuti ndilo gwero la utsi linali la ba Mwila. Kaya zinali zoona kaya ayi, ine sindikudziwa mpaka pano. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinawagwira mkono akuluakulu awiriwa n'kuwakweza pa sitepe yofiira yapamwamba, pomwe ndinajambula zipinda ziwiri.

Ba Chanda, mwina pofuna kuonetsa ana kuti zonse zili bwino, anasendera n'kuima pafupi ndi Mai Tembo. Ine ndinathamangira.

“Iyayi ba dairekita, musayandikire. Inu chipinda chanu, amayi chipinda chawo. Ndi lamulo, simungagone kumodzi.”

Pabwalo panangoti zii. Ine ndinkaganiza kuti ndi ulemu umene anthu amaupereka pa sayansi.

Ndinapitiriza mokweza mawu. Ndinauza ophunzira kuti ayang'ane bwino anthu awiriwa, chifukwa awa ndiwo opasula. Anzawo pansipa amanga, avutika, koma awiriwa atangofika, zingwe zatsika kuchoka pa zitatu kufika pa ziwiri. Ndinawalamula onse awiri kuti aloze chala kumwamba, poti palibe wogonjera mnzake. Ba Chanda anakweza chala ngati munthu woimitsa galimoto imene sakufuna kukwera. Mai Tembo anakweza chawo mwamphamvu, maso ali pa ine. Mtsikana wina pa sitepe yapansi anayamba kutsokomola, ndipo ndinamufunsa ngati akufuna madzi.

Ndiye ndinafika pa mfundo imene ndimaikonda kuposa zonse. Ndinafotokoza kuti chifukwa choti awiriwa ali yekhayekha, okosijeni ikazizira mpaka kusanduka madzi imakopeka ndi maginito. Ndinati elekitironi yogona yokha ndi yoopsa, maginito akangodutsa, mtima wapita.

Mai Tembo anayankhula koyamba. Anafunsa mofatsa, ngati wophunzira wakhama: “Aphunzitsi, amakopeka onse awiri, kapena mmodzi yekha?”

Ndinawayamikira kuti ndi funso labwino kwambiri (inde, ndinatero). Ndinayankha kuti malinga ndi sayansi ndi onse awiri. Anati sayansi iyenera kufufuzanso.

Pamenepo m'pamene Bwalya anakweza dzanja. Bwalya anali mnyamata wamtali woima pa sitepe yachinayi, wa nkhope yoyera mtima ngati wa kwaya. Sindinamukhululukirebe.

“Manje ba ticha, nanga kukabwela elekitironi inangu?”

Mphunzitsi aliyense amalota funso lotero pa tsiku lotero. Ndinamuuza kuti zimachitikadi, okosijeni imatha kulandira elekitironi yowonjezera, ndipo m'thupi mwa munthu imeneyo imawononga zinthu, iwo monga madokotala a mawa ayenera kuidziwa. Ndinati tisangonena, tione ndi maso. Ndinayang'ana uku ndi uku. Munthu wotsala pabwalopo anali mmodzi yekha.

Ba Mwila anakana. Anati ali ndi ntchito ku ofesi. Anati nsapato zawo sizikwera masitepe. Ine ndinaona kuti ndi manyazi chabe, ndipo mphunzitsi wabwino salekerera manyazi, choncho ndinauza kalasi kuti iwaombere m'manja. Anaomba Bwalya yekha. Mtsikana wa anthu anakwera, mutu uli pansi, akulambalala ophunzira, mpaka anafika pa sitepe yofiira n'kuima pakati, osadziwa kolowera.

Ndinafotokoza kuti zipinda zopanda munthu zatha, ndiye wobwerayu ayenera kulowa kwa mmodzi wa awiriwa. Sayansi sisankha, akhoza kulowa kulikonse. Koma poti chipinda cha ba Chanda ndinachijambula chachikulupo, poganizira thupi lawo, ndinati alowe mmenemo. Ndinawauzanso kuti asendere, chifukwa phazi lina linali kunja kwa choko.

“Taonani tsopano,” ndinatero, ndikuloza ndi manja onse awiri. “Ba dairekita apeza mnzawo. Amayi atsala okha. Nanga zingwe zatsala zingati?”

Ndinawerengera ndekha: chimodzi ndi theka. Ndinawonjezera kuti zikapitirira chonchi, sipatenga nthawi, molekyulu imatha, aliyense n'kulowera kwake.

Ba Chanda anali atatuluka thukuta mpaka m'kolala. Ba Mwila ankayang'ana nsapato zawo. Mai Tembo anatsitsa chala, anavula magalasi, anawapukuta bwinobwino, anawavalanso, kenako anaomba m'manja pang'onopang'ono. Anati zimene ankhoswe ndi akulu a mpingo alephera kuzinena chaka chonse, ine ndazitha m'phunziro limodzi, ndi zithunzi zomwe. Ndinawerama n'kuthokoza. Sindinamvetse kuti ankhoswe alowa bwanji mu kemisitiri, koma munthu ukamafuna ntchito umalandira chiyamikiro chilichonse.

Atatero anatembenuka kuti atsike. Masitepe anali odzaza ndi ophunzira, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha.

“Pepani amayi, simungatsike. Pansi ponse padzaza.”

Anandiyang'ana. Ana anapatuka okha ngati Nyanja Yofiira, mayiyo anadutsa pakati, analowera kumene kunali galimoto yawo. Mtsikana wotsokomola uja anandikoka jekete n'kunong'ona: “Ba ticha, aja ni bakazi bao.” Ndinafunsa kuti akazi a ndani. Analoza ba Chanda ndi chibwano. Kenako analozanso ba Mwila.

Sindikudziwa ngati munamvapo mawu anu onse akubwerera kwa inu nthawi imodzi. Simungagone kumodzi. Opasula. Maginito. Apeza mnzawo. Ndinabwerera m'mbuyo kuti nditalikirane ndi ntchito ya manja anga, ndinaiwala kuti ndaima m'mphepete, phazi linaponda mphepo, ndipo ndinapezeka ndili chagada m'maluwa amene anali atangothiriridwa kumene. Ndinagona mmenemo kanthawi ndithu. Munali mtendere.

Pamene ndinkadzuka, ba Chanda anali atazimiririka, ba Mwila atadzitsekera mu ofesi. Ophunzira anali akadali m'zipinda zawo, zala zili m'mwamba ndi pansi, chifukwa palibe anawauza kuti phunziro latha. Ndinawamasula. Ndinapempha ndowa ndi tsache n'kukolopa choko chonse ndekha, poganiza kuti mwina umboni ukafufutika mlandu uchepa. Potuluka pageti Bwalya anandiuza kuti sadzaiwala okosijeni moyo wake wonse. Ndinamuuza kuti nanenso sindidzamuiwala iyeyo.

Mu minibasi anthu ankandipatsa malo okwanira chifukwa cha matope a kumsana. Nditafika ku Chelstone ndinalakwitsanso kwina: m'malo mopita kunyumba, ndinapita ku saluni. Ndinawafotokozera amake Tiza monong'ona, kuiwala kuti m'saluni mulibe chonong'ona. Anaseka mpaka anakhala pansi, chipeso chili m'manja. Mayi amene ankalukidwa anapempha kuti ndibwereze pa maginito paja. Wina amene anali atabisika mu chowumitsira tsitsi anatulutsa mutu n'kunena kuti mchemwali wake amagwira ntchito ku Kabulonga, nkhani ya banja limenelo akuidziwa, ndipo ndachita bwino. Ndinayesa kufotokoza kuti sindinkadziwa kanthu. Palibe anafuna kumva zimenezo, zinkawononga nkhani.

Ndinabwerera kwa asidi ndi mchere modzichepetsa. Za ku Woodlands ndinazikwirira. Koma ba Mwila ankandiwawa mumtima, chifukwa mwa onse aja iwo ndi amene anakana, ine n'kuwakakamiza ndi m'manja. Ndinawatumizira uthenga wopepesa kudzera pa nambala ya koleji. Anayankha ndi mawu amodzi, ndipo ndikuona kuti ndinkayenera ochepera apo.

Patapita masabata angapo foni inalira ndili m'chipinda cha aphunzitsi. Anali Mai Tembo. Sanapereke moni. Anafunsa kuti anandituma ndani. Ndinalumbira pa dzina la amayi anga, la mpingo wanga, ndi la aphunzitsi onse amene anandiphunzitsa, kuti ndinangofuna maelekitironi awiri. Kenako ndinamva kuseka, kuseka kwa munthu amene wakhala nthawi osaseka.

Anandiuza kuti ba Chanda amakhulupirira mpaka pano kuti mkazi wawo ndiye anandilemba ganyu, ndipo iwo alibe cholinga chowatsutsa. Anati tsiku lija madzulo, kwa nthawi yoyamba, awiriwo anakambirana zinthu pozitchula maina ake, poti panalibenso chobisa pamene ana khumi anaziona zitajambulidwa pansi. Kumene zokambiranazo zinathera sanandiuze, ndipo sindinafunse. Ndinangomva kuti ba Mwila anapeza ntchito ina ku Northmead, ndi kuti ba Chanda tsopano amayang'anira za nyumba ndi magalimoto a koleji, za m'kalasi sabwerako. Chomaliza anati pa mayeso a mwezi umenewo ophunzira onse anakhoza funso la okosijeni, ngakhale amene sakhoza kanthu.

“Mubwere Lolemba,” anatero. “Koma masitepe anga mudzawasiye.”

Ndinalonjeza. Amake Tiza anandilonjezetsanso kachiwiri kunyumba, dzanja lili pa Baibulo.

Ndiye kwa chaka chathunthu ndinaphunzitsa pa bolodi ngati munthu. Ba Chanda tikakumana pageti amandipatsa moni akuyang'ana mtengo. Ine ndimavula chipewa ngakhale sindinavale. Phunziro ndinalitenga: usanaike anthu awiri m'chipinda, kapena kuwatulutsamo, uyambe wafunsa.

Koma kalasi yatsopano itafika pa mutu womwe uja, ndinajambula pa bolodi, ndinafufuta, ndinajambulanso, ana akungondiyang'ana ngati ng'ombe zoona sitima. Mai Tembo anali atapita ku msonkhano m'tauni. Masitepe anali pomwepo, ouma bwino, dzuwa likuwawalira. Ndinadziuza kuti nthawi ino ndichita mosamala. Ndinafunsa ngati pali apachibale, ngati pali okwatirana, ngati pali odana. Panalibe. Akuluakulu sindinaitane ndi mmodzi yemwe. Ndinangotenga mnyamata wina wachete wa ku Avondale ndi mtsikana wina amene anali asanayankhulanepo naye, ndinawaika m'chipinda choyera cha pansi penipeni, n'kuuza kalasi kuti awa ndiwo omanga enieni, palibe chingawasunthe.

Bambo ake a mtsikanayo anaimba foni dzulo. Akuti mwana wawo wabweretsa mnyamata kunyumba, akukamba za ukwati maphunziro asanathe, ndipo onse awiri akuti amene anawaika pamodzi ndi aphunzitsi a kemisitiri. Akufuna kundiona Loweruka. Amake Tiza akana kusita suti.